Kodi Zitsulo Zikachuluka, Bimu Imalimba?

Funso: Ndikumanga sitolo ku Nyimba, m'mbali mwa Great East Road. Mmisiri wochokera ku Petauke akuti tichulukitse zitsulo mu bimu ya pakhonde. Ndivomere?

Yankho: Musafulumire, bambo. Konkire imapirira kupanikizidwa koma ikakokedwa imang'ambika msanga. N'chifukwa chake pakatikati pa bimu zitsulo zimaikidwa kumunsi. Zikachepa kwambiri, bimu imathyoka mng'alu woyamba ukangotuluka. Zikakhala zokwanira, bimu ikalemedwa imayamba yapindika ndi kuonetsa ming'alu, anthu n'kupeza mpata wothawa. Zikachulukitsa, konkire ya pamwamba imaphwanyika mwadzidzidzi, popanda chenjezo, ndipo ichi ndicho ndimaopa. Komanso miyala ya mu konkire imakanika kudutsa pakati pa zitsulo zothithikana, n'kusiya mapanga. Pezani injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la EIZ akuwerengereni musanathire konkire.