Utumiki wa Mpingo kwa Odwala pa Nthawi ya Mliri

Mliri ukagwa, amene amayamba kufika pakhomo la wodwala nthawi zambiri ndi akumpingo: amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano kapena a Dorika, akuluampingo ndi anthu a mumphakati. Amabwera ndi ufa, nkhuni ndi pemphero. Utumiki umenewu suyenera kuima. Chimene chimasintha ndi kachitidwe kake, kuti wozonda asatenge matenda kapena kuwasiya pakhomopo.

Covid-19 idapezeka koyamba m'Malawi pa 2 April 2020. Kachilombo kake kamayenda mumpweya ndi m'timalovu totuluka munthu akamatsokomola, kuyankhula kapena kuimba, ndipo amene sakumva kudwala kulikonse amathanso kupatsira anzake. N'chifukwa chake tchalitchi chodzaza, chotseka mawindo, chimafalitsa matendawa msanga. Mapemphero amakhala otetezeka akagawidwa zigawo, mawindo ali otsegula kapena anthu atakhala panja motalikirana, atavala masiki, pakhomo pali ndowa yampopi ndi sopo. Moni wa mtendere uperekedwe osagwirana chanza, ndipo pa Mgonero anthu sayenera kumwera chikho chimodzi.

Kozonda wodwala kumapita munthu mmodzi kapena awiri, osati gulu lonse. Amakhala pakhonde kapena pamthunzi, motalikirana ndi wodwalayo mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo sachedwa. Agogo, ndi amene ali ndi shuga, BP kapena mphumu, ndi bwino atumikire poimba foni. Ozonda adziwe zizindikiro zoopsa: kubanika, kupweteka pachifuwa, kusokonekera mutu ndi kulephera kudzuka. Munthu wotere sayenera kugonekedwa kunyumba ya mapemphero kudikira kuti kuche. Apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, pemphero lichitikire panjira. Chikhulupiriro sichitsutsana ndi mankhwala, pakuti zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Likuni ndi St Luke's zidamangidwa ndi mipingo yomweyi, ndipo zimagwira ntchito pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM.

Pamaliro ndi povuta kwambiri, chifukwa kuuza anamfedwa kuti siwa ifupike kumapweteka. Komabe anthu ambiri akagona mothithikana m'nyumba imodzi akuimba usiku wonse, maliro amodzi amatha kubala ena. Mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udaonetsa ngozi inanso: kusambitsa thupi, kusamba m'manja m'beseni limodzi ndi chakudya chophikira anthu ambiri. Thupi la womwalira ndi kolera limakonzedwa ndi azaumoyo, ndipo aliyense wotsekula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ORS ali panjira yopita kuchipatala.

Katemera wa Covid-19 adafika m'Malawi mu March 2021 pakati pa mphekesera zoti ndi chizindikiro cha 666 kapena kuti amatseka mabereko. Zimenezi n'zabodza. Mbusa akabayitsa poyera, n'kupereka mpata kwa mlangizi wa zaumoyo kuti ayankhe mafunso anthu akaweruka, mantha amachepa.

Wochira asasalidwe, ndipo achipatala akamulola, abwerere kumpingo ngati kale. Banja lodwala kapena loferedwa limasowanso womutungira madzi, wopalira kumunda ndi woyang'anira ana, ndipo mpingo ungagawane ntchito zimenezi popanda kulowa m'chipinda cha wodwala.