Pikapu Yakale Ikamamwa Mafuta: Amakaniko Akuyankha Makalata Anu

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Sunnyside. Ali ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo yomwe amanyamulira simenti ndi matabwa kuchokera ku Limbe. Akuti masiku ano ikumwa mafuta ngati thanki yabooka, ndipo pokwera chitunda ikutulutsa utsi wakuda bii. Atani, amakaniko?

AMAKANIKO: Zikomo bambo polemba. Ndiyambe ndi kukufunsani: mwayeza? Geji ya galimoto yakale sinena zoona nthawi zonse. Dzazani thanki, lembani nambala ya makilomita, yendani maulendo anu a sabata yonse, kenaka mukadzazenso pa pampu yomweyo. Gawani makilomitawo ndi malita omwe alowa. Mukakonza chinthu, yezaninso, kuti mudziwe ngati ndalama yanu yagwira ntchito.

Utsi wakudawo ndi dizilo yemwe sanapse bwino chifukwa mpweya wachepa kapena mafuta achuluka. Yambani ndi air filter. Fumbi la mu Okutobala limaitseka msanga, ndipo kuigogoda pa tayala sikuitsuka, n'kuiboola. Gulani yatsopano. Utsi ukapitirira, ma injector apite kwa munthu yemwe ali ndi makina oyezera. Chonde musalole wina kupotokola pampu ya dizilo mongoyerekeza.

Koma chimene chimandiwawa mtima, bambo, ndi thermostat. Galimoto ikangotentha kamodzi, anzathu ena amaichotsa n'kuitaya, ati kuno ku Malawi n'kotentha kale. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha koyenera, makamaka m'mawa wa chiperoni, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ambiri, imathanso msanga. Ulendo wochokera ku Sunnyside kupita ku Limbe ndi waufupi, mukhoza kufika isanafunde n'komwe. Ngati yanu inachotsedwa, ibwezereni, ndipo mutsukitse radiator, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala mmenemo.

MUULUTSI: Mayi wa ku Chilomoni ali ndi Nissan 1400 ya petulo, imakatenga mbuzi ku Chikwawa. Dalaivala wawo amachotsa giya potsetsereka pa Thabwa, nthawi zina amazimitsiratu injini, ati kusunga mafuta. Akufunsanso ngati ethanol wa mu petulo ndiye akutha mafuta awo.

AMAKANIKO: Mayi, dalaivalayo mumuletse lero lomwe. Mtsetse wa Thabwa ndi wautali komanso wokhotakhota. Giya ikachotsedwa, katundu yense amagwidwa ndi mabuleki okha. Amatentha, ndipo ukamafika pa ngodya za kumunsi ukuponda koma galimoto siikumva. Injini ikazima, mphamvu yothandizira mabuleki imathanso mukangoponda kangapo. Mafuta omwe akupulumutsawo ndi ochepa zedi, pamene m'galimotomo muli moyo wa munthu. Atsike ali mu giya yachiwiri kapena yachitatu, injini izigwira galimoto.

Za ethanol, sizachilendo. Dziko lino linayamba kumusakaniza ndi petulo mu 1982, wochokera ku Dwangwa, ndipo wina amapangidwa ku Chikwawa komweko ndi kampani ya PressCane. Zoona, lita ya ethanol ili ndi mphamvu yocheperapo, koma kusiyanako n'kochepa. Chofunika kuyang'ana ndi mapaipi a labala: akakalamba amang'ambika, petulo n'kumadontha. Mukamva fungo lake galimoto itaima, musazengereze. Nissan 1400, yomwe inkapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, ndi ya carburettor. Choke yokakamira ndi mapulagi otha zimamwetsa mafuta kuposa ethanol.

MUULUTSI: Yomaliza, mwachidule. Mnyamata wa ku Bangwe akuti wamva za mapiritsi oponya m'thanki, komanso zothira parafini mu dizilo.

AMAKANIKO: Achimwene, ndalama ya mapiritsiyo mupopetsere matayala. Mlingo wa mpweya uli pa chomata cha pa chitseko kapena m'buku la galimoto. Yezani m'mawa matayala asanatenthe. Parafini alibe mafuta okwanira ofewetsa pampu, adzakuphetsani pampu yodula. Dizilo wa m'zigubu mupeweninso, simudziwa zomwe zathiridwamo.

Ngati pikapu yanu ndi 4x4, onani ma hub a kutsogolo: pa tala akhale pa FREE, osati LOCK. Tsitsani zitsulo ndi matayala akutha omwe mumangoyenda nawo kumbuyo. Ndipo ngati ntchito ikulola, dutsani msewu wa Masauko Chipembere nthawi ya m'mawa itapita, chifukwa pa mdipiti wa pa Ginnery Corner injini imamwa galimoto isakusuntha.

MUULUTSI: Makalata otsala tiwawerenga sabata yamawa.