Fumbi Logwa Kudenga

Zikomo bambo a ku Ntcheu potilembera za fumbi lomwe likugwa kuchokera kudenga kwanu. Chimenecho si chiswe ayi. Chiswe chimamata dothi pamtengo, koma mukaona timabowo tozungulira, pansi pali fumbi losalala ngati ufa, dziwani kuti ndi anankafumbwe a m'mitengo. Amaikira mazira pamtengopo, mphutsi zake n'kumadya mkati, kunja kukuoneka bwinobwino. Timabowoto ndi motulukira akakula.

Tengani mpeni mubaye phaso lililonse. Ukalowa mosavuta, lichotseni mulitenthe, denga lingakugwereni nthawi ya mvula. Pomanganso, sendani makungwa, ndipo nsungwi muyambe mwaziviika m'madzi masabata angapo kuti chakudya chomwe tizilomboti timatsata chisuluke. Chonde bambo, musadikire mvula yoyamba.