Phunziro 9: Kanema Wakale ndi Wamakono

Kodi mukuikumbukira galimoto ya kanema ija? Inkafika pamudzi dzuŵa litapendeka, ana nkumaithamangira. Akuluakulu ankati kwabwera bayisikopo.

Kale kwambiri kanema analibe mawu. Charlie Chaplin ankaseketsa anthu ndi kayendedwe kake basi, aliyense nkumva nkhani yonse. Kanema wolankhula anatchuka mu 1927, ku America.

Mu 2019 kunatuluka kanema wonena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 imaoneka mmenemo, moti amene anaipirira sangaonere mtima uli m'malo. Koma Chicheŵa cha alendo ena oseŵera mmenemo, eee, nchopotoka ndithu!

Nanga inu mungasankhe uti, wopanda mawu uja kapena wolankhula Chicheŵa chopotokayu? Lembani yankho lanu m'kope.