Phunziro la Ziweto: Kugula Mbuzi Mwanzeru ndi Kuziweta Mopindulitsa

M'midzi yambiri ya m'boma lino, mbuzi ndiyo nkhokwe yachiwiri ya banja. Chimanga chikatha mu Januwale, sukulu fizi ikafunika, kapena matenda akagwa pakhomo, maso onse amapenya kukhola. Komabe mabanja ochuluka amene amagula mbuzi kapena kulandira za ndondomeko yopatsirana amaona khola likuchepa m'malo mokula. Gwero lake ndi chikhulupiriro chakale chakuti mbuzi imadziweta yokha. Zoona zake n'zakuti phindu la mbuzi limadalira zinthu ziwiri: momwe mlimi wasankhira pa tsiku logula, ndi momwe waisamalira m'dzinja loyamba.

Khola liyambe, mbuzi ibwere pambuyo

Akuluakulu anati kugona pakati n'kuyambirira. Mlimi wanzeru amamanga khola asanapite kumsika. Alangizi a ziweto amalimbikitsa khola la m'mwamba, lotalikirana ndi nthaka pafupifupi mita imodzi. Pansi pake payalidwe timitengo kapena matabwa okhala ndi mipata yoti chala chilowe, kuti ndowe ndi mkodzo zizigwa pansi koma phazi la mwana wa mbuzi lisakodwe. Mbuzi yaikulu iliyonse imafuna malo osachepera mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Denga lisadonthe, ndipo zipupa zilole mpweya kudutsa.

Mbuzi imadana ndi chinyezi kuposa ziweto zina. Ikamagona m'matope imagwidwa chibayo, ziboda zimaola, ndipo njoka za m'mimba zimachulukana. Khola la m'mwamba limatetezanso ku afisi ndi agalu, komanso limasonkhanitsa manyowa pamalo amodzi, okonzeka kupita kumunda kapena kudimba. Pofuna kuchepetsa umbava, khola likhale pafupi ndi nyumba ndipo chitseko chake chizitsekedwa ndi loko.

Nthawi ndi malo ogulira

Nthawi yabwino yogula ndi pambuyo pa kukolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Apa mlimi amakhala ndi ndalama za zokolola, zakudya za ziweto zimakhala zambiri m'minda, ndipo mbuzi imakhala ndi miyezi ingapo yozolowera malo atsopano mvula isanagwe. Pa Khirisimasi ndi pa Eid mitengo imakwera chifukwa ofuna nyama amachuluka.

Kugula kwa mlimi wodziwika wa m'dera lomwelo kumaposa kugula pamsika, chifukwa wogula amaona make wa mbuziyo, amafunsa mbiri ya kaberekedwe kake, ndiponso amaona ngati khola lonse lili ndi thanzi. Pamsika pamakumana ziweto zochokera kutali, ndipo ena amagulitsa mbuzi chifukwa yakalamba, yadwala kapena siibereka. Mbuzi yotchipa modabwitsa, yogulitsidwa madzulo ndi munthu wosadziwika, kawirikawiri imakhala yakuba. Wogula aonetsetse kuti pali mboni kapena kalata ya mfumu, ndipo ngati mbuzi ikuchoka dera lina kupita lina, atenge chiphaso choyendetsera ziweto kwa alangizi a ziweto.

Zoyenera kuyang'ana pa mbuzi

Choyamba ndi mano, pakuti ndiwo amanena zaka za mbuzi mosanama. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba. Pansi ili nawo 8. Yosakwana chaka imakhala ndi mano ang'onoang'ono okhaokha. Ikapitirira pang'ono chaka chimodzi, pakati pamatuluka mano awiri akuluakulu. Pa zaka pafupifupi ziwiri amakhala anayi, ndipo pofika zaka zinayi onse 8 amakhala akuluakulu. Mano operepeseka, otalikirana kapena oguluka amasonyeza ukalamba. Woyamba kumene ulimiwu asankhe misoti ya mano awiri akuluakulu, chifukwa zaka zake zobereka zikadali patsogolo.

Chachiwiri ndi diso. Wogula atsitse chikope cham'munsi ndi chala. Mkati mwake mukakhala mofiira bwino, magazi ndi okwanira; mukakhala moyera, njoka za m'mimba zayamwa kale magazi. Kutupa kunsi kwa chibwano ndi chizindikiro china cha vuto lomwelo.

Chachitatu ndi thupi lonse. Ubweya ukhale wosalala, mphuno yopanda mamina, milomo yopanda zilonda, kumchira kopanda ndowe zamadzi, ndipo mbuziyo iyende osatsimphina. Ya thadzi ikhale ndi bere lofewa la nsonga ziwiri zofanana. Tonde akhale wa chifuwa chotambasuka, miyendo yolimba ndi machende awiri ofanana kukula.

Pa nkhani ya mtundu, mbuzi zachikuda ndi zazing'ono koma zimapirira matenda, kutentha ndi kuchepa kwa chakudya. Mbuzi za Boer, zochokera ku South Africa, zimakula msanga ndi kulemera kwambiri, koma zimafuna chakudya chochuluka ndi mankhwala a nthawi zonse. Walira mvula walira matope: wofuna Boer akhale wokonzeka kulipira zimenezi. Kwa mlimi wa munda waung'ono, njira yosaika chuma pachiswe ndiyo kuyamba ndi misoti yachikuda iwiri kapena itatu, kenako n'kuikweretsa kwa tonde wabwino wa gulu.

Mbuzi yatsopano isasakanizidwe ndi zina tsiku lomwelo. Ikhale payokha kwa milungu itatu, ipatsidwe mankhwala a njoka za m'mimba ndi opha nkhupakupa, kuti ngati yabwera ndi matenda isapatsire khola lonse.

Dzinja, nyengo ya mayeso

Mbewu zikamera, malamulo a m'midzi amafuna kuti mbuzi zimangidwe kapena zitsekeredwe, ndipo mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha mnansi ungathe kudya mbuzi yomweyo pa bwalo la mfumu. Koma chingwe chili ndi zoopsa zake. Mbuzi yomangidwa pamalo amodzi imadya udzu umene yaipitsa ndi ndowe zake, ndipo m'menemo ndi mmene muli mphutsi za njoka. Chikhomo chizisunthidwa tsiku lililonse, ndipo mbuzi zizitulutsidwa mame atauma, chifukwa mphutsizo zimakwera pa udzu wonyowa. Mankhwala a njoka aperekedwe kumayambiriro ndi kumapeto kwa mvula, pa mlingo umene mlangizi wanena. Mlingo woperewera umachititsa kuti njoka zizolowere mankhwalawo.

Mbuzi imakonda masamba a mitengo kuposa udzu. Mlimi adzale lukina, gliricidia ndi nsenjere m'malire a munda kuti azidula ndi kupachika m'khola. Pokolola asunge masangwi a mtedza, makoko a nandolo ndi nyemba za msangu pamalo ouma, m'malo mozitentha. Madeya pang'ono osakaniza ndi mchere amathandiza mbuzi ya bere ndi yoyamwitsa. Madzi oyera aperekedwe tsiku lililonse. Kunena kuti mbuzi siimwa madzi ndi bodza limene lapha ziweto zambiri m'chilimwe.

Kubereketsa ndi kusamalira ana

Mbuzi ya thadzi imafuna tonde pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndipo bere limatenga miyezi isanu, pafupifupi masiku 150. Yodyetsedwa bwino ingathe kubereka katatu m'zaka ziwiri. Msoti usakwezedwe usanakwane miyezi 10 kapena 12, chifukwa ukatenga bere uli waung'ono umapinimbira ndipo umabereka ana ofooka. Tonde mmodzi amakwanira mbuzi 20 mpaka 30, motero si banja lililonse liyenera kusunga wake. Magulu a alimi azisinthana atonde pakatha chaka, kuti tonde asakwere ana ake. Kuberekana pachibale ndiko kumachepetsa misinkhu ya mbuzi m'midzi. Ana aamuna osafunika kubereketsa afulidwe akadali aang'ono.

Imfa zambiri zimagwera ana osaleka kuyamwa. Mwana akabadwa ayamwe mkaka woyamba wachikasu m'maola oyambirira, pakuti ndiwo umamuteteza ku matenda. Mchombo upakidwe ayodini. Kwa milungu yoyamba akhale pamalo ouma ndi ofunda, osatsatira make kutchire, ndipo aleke kuyamwa pa miyezi itatu kapena inayi.

Udindo wa mudzi wonse

Banja lolandira mbuzi za ndondomeko yopatsirana lili ndi ngongole kwa banja lina limene likudikira ana oyamba. Mbuzi imodzi ikafa chifukwa cha kusasamala, mabanja awiri ndiwo aluza. N'chifukwa chake makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, pamodzi ndi mafumu, akuyenera kuonetsetsa kuti aliyense wolandira wamanga khola la m'mwamba kaye. Mbuzi ikadwala kapena zikafa zingapo motsatizana, nkhaniyo ifike msanga kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya EPA, ndipo nyama ya mbuzi yofa yokha isadyedwe kapena kugulitsidwa. Mlimi azilembanso m'kope tsiku logula, lokweretsa, lobereka ndi lopereka mankhwala. Pofika dzinja lachiwiri, kopelo lidzamuuza mbuzi yoyenera kusunga ndi yoyenera kugulitsa.