Chibangili cha Chikopa Chakale: Malangizo kwa Mabanja a ku Kabwe

Lamba wothyoka chomangira, chikwama chofa zipi, jombo yotha kuphazi: zonsezi timataya chikopa chake chikadali cholimba. Kabuku aka kakufotokoza momwe banja lingasandutsire chikopa chotere kukhala chibangili chovala kapena chogulitsa. Ntchitoyi siilira makina kapena magetsi, koma kuno kwathu ku Kabwe imalira ukhondo waukulu chifukwa cha fumbi la mtovu.

Kopeza chikopa

Yambani kufufuza m'nyumba mwanu. Kenako funsani kwa ogulitsa salaula, amene sasowa malamba ndi zikwama zokana malonda, ndiponso kwa osoka nsapato kumsika, amene amasunga zidutswa zotsala. Kwa ongoyamba kumene, lamba ndiye wabwino, popeza ndi wowongoka kale ndipo kuchindikala kwake, mamilimita 2 kapena 3, n'koyenera padzanja.

Chenjerani ndi pulasitiki wooneka ngati chikopa. Tembenuzani muone kumbuyo. Chikopa chenicheni chimakhala chokhakhala, cha timaubweya, pomwe chabodza chimakhala ndi nsalu yomatirira ndipo chikakalamba chimasupuka ngati khungu la njoka.

Chenjezo la mtovu

Mgodi wa Broken Hill, umene ankakumbamo mtovu ndi zinki, unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Mtovuwo udakalipo m'dothi, makamaka ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mwana akameza fumbi lake, mtovu umalowa m'magazi n'kuwononga ubongo, ndipo kusukulu amavutika kugwira zomwe akuphunzira. Chibangili chimakhala padzanja, ndipo dzanja la mwana silichedwa kupita kukamwa. Choncho, amayi ndi abambo, sungani malamulo awa:

- Musatole chikopa kudzala, m'ngalande kapena pafupi ndi mulu wa zotsalira za mgodi wotchedwa Black Mountain. Jombo ndi malamba a anthu okumba kumeneko zisiyeni ndithu.
- Musakongoletse chibangili ndi tizitsulo totola. Mtovu ndi wotuwa, wolemera, wofewa, ndipo mukaukwecha papepala umasiya mzere.
- Gwirirani ntchito patebulo, osati pansi. Mukatha, pukutani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi louma.
- Sambani m'manja ndi sopo musanadye, musanaphike kapena musanayamwitse.
- Ana amene akadali kuika zinthu m'kamwa musawaveke zibangilizi.

Zipangizo

Mpeni wakuthwa, lula yachitsulo, thabwa lodulirapo, msomali ndi hamala, singano ziwiri zikuluzikulu, ulusi wa nayiloni wosokera nsapato, phula la njuchi kapena kandulo, sandipepa wosalala, batani lalikulu, ndi polishi wopanda mtundu.

Kapangidwe kake

1. *Tsukani.* Pukutani mbali zonse ziwiri za chikopacho ndi nsalu yonyowa ya sopo pang'ono, mubwereze ndi madzi oyera. Musachiviike. Ngati chachita nkhungu, pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Yanikani m'nyumba pamthunzi, chifukwa dzuwa ndi moto wa mbaula zimachiumitsa gwa mpaka kung'aluka.

2. *Yezani.* Zungulizani chingwe pamfundo ya dzanja, musiye mpata wolowa chala chimodzi. Akuluakulu ambiri amayeza masentimita 15 mpaka 19. Pa muyeso mwapezawo onjezani masentimita 3 a polumikizira.

3. *Dulani.* Mulifupi mukhale masentimita 2 mpaka 4. Kanikizani lula pachikopa, mudutsitse mpeni katatu kapena kanayi mopepuka. Kudula kamodzi mwamphamvu kumakhotetsa mzere ndiponso kumatemetsa chala. Ngodya muzizungulize potsata m'mbali mwa ndalama yachitsulo.

4. *Salazani m'mbali.* Kwechani ndi sandipepa, nyowetsani pang'ono, pakani phula, ndipo tikitani ndi kansalu ka jinzi mpaka m'mbalimo mutawala. Apa ndi pomwe wogula amasiyanitsa ntchito ya mmisiri ndi ya wongoyerekeza.

5. *Sokani.* Lembani mzere mamilimita 4 kuchokera m'mbali, muboole ndi msomali mabowo otalikirana mamilimita 5. Pakani ulusi phula, muike singano kunsonga zake zonse ziwiri. Pabowo lililonse singano imodzi ilowere kutsogolo, inayo kumbuyo, kenako mukoke zonse pamodzi. Msoko wotere ukaduka pamalo amodzi suthothoka wonse. Pomaliza bwererani mabowo awiri, mudule ulusi.

6. *Ikani chotsekera.* Sokerani batani kunsonga imodzi. Kunsonga inayo, sentimita imodzi ndi theka kuchokera kumapeto, boolani kabowo n'kung'amba kampata kongokwanira batanilo. Ngati mwasankha mabatani achitsulo otseka mokanikiza, phimbani kunsi kwake ndi kachikopa kopyapyala, chifukwa zitsulo zina zimayabwitsa khungu likachita thukuta.

7. *Pakani polishi* pang'ono kunja kokha, mudikire aume, mupukute.

Zidutswa zotsala

Musaziponye pambaula. Zikopa zambiri za kufakitale amazifufuta ndi mankhwala a chromium, ndipo utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. Tizidutswa tating'ono pangirani zokolekera makiyi.

Kusunga ndi kugulitsa

M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, sungani zibangili m'bokosi lotseka, ndipo kumsika muziyale patebulo lokwera. M'nyengo ya dzinja muzizitulutsa kawirikawiri zipitidwe mphepo kuti zisachite nkhungu.

Pangani masaizi atatu: yaing'ono, yapakati ndi yaikulu. Poika mtengo werengerani chikopa, ulusi, batani, polishi, ulendo ndi nthawi yanu, ndipo muzilemba zonse m'kope. Ogula alipo pakati pa ophunzira a ku Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University, komanso apaulendo odutsa pa Great North Road. Wogula aliyense muuzeni komwe chikopa chachokera ndi momwe mwachitsukira, chifukwa wogula wokhulupirira amabwera ndi mnzake.

Ngati banja lanu limakhala kufupi ndi mgodi wakale, pitani ndi ana kuchipatala mukafunse za kuyezetsa mtovu m'magazi, ngakhale anawo akuoneka athanzi.