Zinki: mchere umene uli m'nsima koma thupi silikuupeza

Amene munagulako feteleza wokulitsa zaka zapitazi mwaonapo malemba awa pathumba: 23:10:5+6S+1.0Zn. Ambiri timangoyang'ana mtengo ndi kulemera kwa thumba basi. Zilembo ziwiri zakumapetozo, Zn, zikuimira zinki, mchere umene chimanga chimaufuna pang'ono chabe kuti chikule bwino. Munthu nayenso amaufuna pang'ono chabe, koma ukasowa mwana amapinimbira, amadwaladwala, safuna kudya, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Phunziro lathu lero ndi la mchere umenewu: madokotala apeza chiyani, nanga ife a kwa Chigaru, Lirangwe ndi Chileka tingachitepo chiyani.

Zinadziwika bwanji?

Kale madokotala ankaganiza kuti munthu sangasowe zinki, poti amapezeka m'zakudya zambiri. Anawatsutsa ndi Dr Ananda Prasad, mmwenye amene ankagwira ntchito pachipatala cha mumzinda wa Shiraz ku Iran. Kumeneko anaona mnyamata wa zaka 21 wooneka ngati kamwana ka zaka 10, wosatha msinkhu, magazi ochepa, ndipo ankadya dothi. Chakudya chake cha tsiku ndi tsiku chinali buledi wa tirigu wosafufumitsa, nyama mwa apo ndi apo. Prasad anapeza anyamata ena otere, ndipo mu 1961 analemba kuti akukayikira zinki. Atapita ku Egypt anapezanso anyamata a m'midzi ofanana nawo, anawayeza magazi, ndipo mu 1963 anatsimikiza kuti zinki anali wochepa. Atawapatsa zinki anayamba kutalika, nkutha msinkhu.

Onani bwino apa. Anyamatawo sankagona ndi njala. Ankakhuta ndithu, koma ankakhuta chakudya cha mtundu umodzi, chochokera ku mbewu imodzi. Muchotsepo buledi muikepo nsima, ndiye kuti mukukamba za kwathu kuno.

Nanga kuno ku Malawi?

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, amene anayeza magazi a anthu m'zigawo zonse zitatu, anapeza kuti pafupifupi ana 60 pa 100 alionse anali ndi zinki wochepa m'magazi, amayi 63 pa 100, abambo 66 pa 100. Pa michere yonse imene anayeza, zinki ndiye anali vuto lalikulu. Pali mfundo imodzi yofunika kuidziwa pa manambalawa: munthu akadwala malungo kapena matenda ena, zinki wa m'magazi amatsika kwa kanthawi ngakhale munthuyo akudya bwino. Akatswiri atawerengeranso poganizira zimenezi, nambala inangotsika pang'ono, inakhalabe yopitirira theka la anthu. Nthawi yomweyo ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, sitinganene kuti ndi zinki yekha, koma iye ali m'gulumo.

Munthu wamkulu amafuna zinki wochepa zedi: bambo mamiligalamu 11 patsiku, mayi 8, woyembekezera 11, woyamwitsa 12, mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu 3. Vuto nlakuti thupi lilibe nkhokwe ya zinki. Simungadye wambiri nthawi yokolola nkumati akufikitsani mu Febuluwale, ayi. Amafunika tsiku ndi tsiku.

Chimanga chili naye, koma chinamumanga

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'chimanga, mapira, nyemba, nandolo ndi mtedza muli zinki. Komanso muli chinthu china chotchedwa phytate, chimene mbewu imasungiramo chakudya choti idzamerere. Phytate akafika m'matumbo amagwira zinki nkumumanga, thupi osamuyamwa, ndiye amangotuluka ndi chimbudzi. M'chimanga phytate wambiri amakhala m'kamtima ka njere, komwenso kuli zinki wambiri.

Nchifukwa chake funso loti "chabwino nchiti, mgaiwa kapena ufa woyera?" lilibe yankho lachidule. Mgaiwa uli ndi zinki wambiri, komanso phytate wambiri. Ufa woyera, poti tinakonola, kuviika mphale masiku angapo ndi kutsuka, phytate wake ndi wochepa, koma zinki wambiri anapita ndi madeya, anakadya ndi nkhuku ndi mbuzi. Kulikonse kumene mungalowere, nsima payokha siikwanitsa.

Zimenezi zinafufuzidwa kwathu konkuno. Rosalind Gibson ndi Elaine Ferguson anayamba m'zaka za m'ma 1980 kuyeza chakudya cha ana m'midzi ya ku Zomba, ndipo anapeza kuti phytate anali wochuluka kwambiri poyerekeza ndi zinki. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Gibson ndi anzake anapita ku Mangochi kukayesa njira zapakhomo, zosalira ndalama zambiri. Imodzi inali kuviika ufa wa mgaiwa m'madzi pafupifupi ola limodzi, kukhuthula madzi apamwambawo, kenaka nkuphikira phala. Phytate amasungunuka m'madzi, choncho pafupifupi theka lake limapita ndi madzi otayidwawo. Njira zina zinali kuthira chimera m'phala, kusasitsa, ndi kusinja usipa wouma wathunthu nkuthira m'phala la mwana. Patatha chaka, ana a m'midzi imene inatsatira njirazi anali ndi minofu yochulukirapo, ochepa magazi anali ochepa, ndipo sankadwala kawirikawiri ngati a m'midzi ina. Koma pa kutalika sipanaoneke kusiyana. Zoona zake ndi zimenezo, ndipo nkofunika kuzinena, chifukwa mwana akapinimbira ali wamng'ono, kubweza msinkhu pambuyo pake nkovuta. Ntchito yeniyeni ili pa mimba ndi pa zaka ziwiri zoyambirira.

Ku Blantyre, Dr Mark Manary ndi anzake anayesa ana powapatsa phala la chimanga ndi soya, ena lochotsedwa phytate, ena losachotsa, nkuyeza zinki amene analowadi m'thupi. Zotsatira zinatuluka mu 2000. Ana amene ankachira ku chifuwa chachikulu cha TB anayamwa zinki wochuluka ndi phala lochotsedwa phytate, pamene kwa ana abwinobwino sipanakhale kusintha. Phunziro lake kwa ife nlakuti kuviika ufa kumathandiza, makamaka kwa mwana amene akuchira, koma si kokwanira pakokha. M'mbalemo muyenera kulowa china chobweretsa zinki.

Usipa si ndiwo ya amphawi

Zinki wa m'nyama ndi nsomba alibe chomumanga, ndipo chakudya chochokera ku nyama chimathandizanso thupi kuyamwa zinki wa m'nsima momwemo. Nyama ya mbuzi, ya ng'ombe ndi chiwindi zili ndi zinki wambiri, koma ndi makomo angati amene amazipeza sabata iliyonse? Nyama ya Qurbani ikafika, mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera ndiwo ayambe kugawiridwa, osati kungowapatsa msuzi. Miyezi inayo chimene tingakwanitse ndi tinsomba: usipa, matemba, bonya, utaka, zimene zimapezeka pamsika wa Lirangwe, Mdeka ndi Lunzu pa mulu wa ndalama zochepa. Ubwino wake timadya zathunthu, mutu, minga ndi zam'kati, pamene mlamba kapena chambo timadya mnofu wokha. Asodzi a mu Shire, musagulitse zonse. Kambale kamodzi katsale pakhomo.

Amayi ena amaopa kuti mwana atsamwa ndi minga, ndiye amangomuthirira msuzi. Msuzi ndi madzi, mafuta ndi tomato. Kazingani usipa wouma pang'ono, sinjani mumtondo, sefani, sungani m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6, pamodzi ndi nsinjiro, ndipo kuyamwitsa kupitirire. Chimera cha mapira kapena mawere, chomwecho cha thobwa, mukathira pang'ono m'phala lolimba limasungunuka popanda kuonjezera madzi, choncho mwana amadya chakudya chenicheni chochuluka m'kamimba kake kakang'onoko.

Kumunda

Akatswiri a ku LUANAR pamodzi ndi a University of Nottingham anatenga chimanga m'minda ya dziko lonse nkupeza kuti zinki wa m'njere amasiyana malinga ndi nthaka. Chimanga cha m'dothi lakuda la makande ku chigwa cha Shire chimakhala ndi wochulukirapo kuposa cha m'madera ambiri a kumtunda. Atayesa feteleza wa zinki ku Chitedze, Chitala ndi Ngabu, zokolola zinakwera ndipo zinki wa m'njere anakweranso, koma pang'ono. Munda wosowa zinki umadziwika: chimanga chimafupika ndipo masamba anthete amakhala ndi mizere yoyera m'mbali mwa msempha wapakati. Manyowa a khola ndi kukwirira mapesi m'malo mowotcha kumabwezera zinki m'nthaka.

Mwana akatsegula m'mimba

Apa ndi pamene umboni wa madokotala uli wamphamvu kwambiri. Kutsegula m'mimba kumataya zinki, ndipo kusowa zinki kumachititsa kuti mwana atsegulenso. Atayesa ana ambiri ku India, Bangladesh ndi maiko ena, anapeza kuti mapiritsi a zinki amafupikitsa matendawa ndipo amateteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Mu 2004 bungwe la WHO ndi UNICEF analangiza Thanzi ORS pamodzi ndi zinki: mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo theka lake kwa mwana wosakwana miyezi 6. Piritsi limasungunuka pasupuni ya madzi abwino kapena mkaka wa m'mawere. Makolo ambiri amasiya tsiku lachitatu mwana akangowongokera, mapiritsi otsala nkusungira "ulendo wina". Amalizeni masiku onse amene mlangizi wa zaumoyo wakuuzani. Mwana akasanza, dikirani pang'ono mumupatsenso, makamaka atadya. Ndipo akuluakulu musamagule mapiritsiwa nkumamwa miyezi ndi miyezi ngati zopatsa mphamvu: zinki wopitirira mamiligalamu 40 patsiku kwa nthawi yaitali amatsekereza mchere wina wotchedwa kopa, magazi nkuchepa.